Magetsi oyenda pakhungu la waya: zoyenera kudziwa pokulunga koyilo ndi kumanga antena ya wailesi

M'midzi ya ku Tsangano ndi ku Macanga, wailesi idakali njira yaikulu yomvera mitengo ya mbatata ya kachewere ndi fodya, za kagwedwe ka mvula, mauthenga a maliro ndi masiku a katemera. Mapiri a kuderali amatchinga mafunde a wailesi. N'chifukwa chake pamakomo ambiri pali waya wokwezedwa pansungwi kapena wokolekedwa mumtengo kuti mawu azimveka bwino. Amisiri okonza mawailesi m'misika, pamodzi ndi achinyamata okonda kuphwasula ndi kulumikiza zipangizo, amakulunganso okha makoyilo, amene pa Chipwitikizi amati bobina.

Onsewa amafuna kudziwa waya wabwino ndi uti. Yankho limadalira mtundu wa magetsi amene adutse mu wayayo. Magetsi a batire amagwiritsa ntchito thupi lonse la waya. Magetsi a wailesi amayenda kunja kokha, pakhungu. Wodziwa kusiyana kumeneku sataya ndalama pogula waya wolemera pamene wopepuka akanakwanira, ndipo saika waya wachinyengo pa sola pamene angatenthe nyumba.

Magetsi oyenda mbali imodzi ndi magetsi obwererabwerera

Batire, mabatire a tochi ndi sola zimatulutsa magetsi oyenda mbali imodzi nthawi zonse, ngati madzi a mumngalande ya kudimba. Amisiri amawatcha DC, kapena corrente contínua. Magetsi a EDM, ngakhalenso a ESCOM kutsidya kwa malire, amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi imodzi. Amenewa ndi AC, kapena corrente alternada. Kuchuluka kwa maulendo pa sekondi ndiko amati frequência, ndipo amakuyeza mu ma hertz, olembedwa Hz.

Nambala zolembedwa pankhope ya wailesi ndi ma hertz omwewo. Mbali ya AM kapena MW imayambira cha pa 530 kHz n'kufika cha pa 1,600 kHz, kutanthauza maulendo 530,000 mpaka 1,600,000 pa sekondi. Mbali ya SW imafika pa 30 MHz. Mbali ya FM imayambira pa 87.5 MHz mpaka 108 MHz, ndiye kuti maulendo pafupifupi 100 miliyoni pa sekondi. Mafunde akakhudza antena, timagetsi tochepa kwambiri timayamba kupita n'kubwerera mu waya pa liwiro lomwelo.

Waya aliyense amakana pang'ono kudutsitsa magetsi. Kukana kumeneku, resistência, amakuyeza mu ma ohm, ndipo mphamvu imene yakanidwa imasanduka kutentha. Pa waya wa sola, kukana kumachepetsa magetsi ofika ku batire. Pa koyilo ya wailesi, kukana kumafooketsa mawu ndi kusakaniza masiteshoni.

Chifukwa chake magetsi amathawira kunja

Magetsi akamadutsa mu waya amapanga mphamvu ya maginito yozungulira wayayo, kunja kwake ndi mkati mwake momwe. Akamayenda mbali imodzi osasintha, mphamvu ya maginitoyo imangokhala chete. Akamabwererabwerera, nayonso imakula, kuchepa ndi kutembenuka. Michael Faraday wa ku England anapeza mu 1831 kuti mphamvu ya maginito ikamasintha imadzutsa magetsi ena mu chitsulo chimene chili pafupi. Magetsi odzutsidwawo amalimbana ndi kusintha kumene kwawadzutsa.

Pakati penipeni pa waya ndi pamene pazunguliridwa ndi mphamvu ya maginito yochuluka, choncho kulimbanako ndi kwakukulu pamenepo. Chakunja kulimbanako n'kochepa. Magetsi amatsata njira yosavuta, amaunjikana chakunja, pakati n'kutsala pafupifupi popanda kanthu. Liwiro likamakwera, gawo lodutsa magetsi limapyapyala. Pa Chipwitikizi amati efeito pelicular, kuchokera ku mawu otanthauza kakhungu kopyapyala. Pa Chingerezi amati skin effect. Horace Lamb analemba za khalidweli mu 1883, ndipo Oliver Heaviside analifotokoza mokwanira mu 1885, mawailesi asanayambe n'komwe.

Mlimi amadziwa kuti mtengo wa mlambe ungakhale ndi mphako yaikulu koma n'kumaphukabe, pamene mtengo wosendedwa khungwa mozungulira umauma ngakhale mkati muli mwamphumphu. Waya wa wailesi amafanana ndi zimenezi. Mkati mungakhale mphako kapena chitsulo chotchipa, bola kunja kukhale kwabwino.

Khungulo ndi lochindikala bwanji

Magetsi saleka mwadzidzidzi pamalire ena ake. Amachepa pang'onopang'ono polowa mkati. Akatswiri anagwirizana kuti kuchindikala kwa khungu ndi mtunda wochokera kunja kufika pamene magetsi atsika n'kutsala magawo 37 pa 100. Pa mtunda wotere katatu amatsala magawo 5 pa 100, ndipo pa kasanu satsala ngakhale gawo limodzi.

Mu waya wa kopa, amene ena amati mkuwa, khungu limakhala motere:

Pa 50 Hz, magetsi a m'nyumba: mamilimita pafupifupi 9.
Pa 100 kHz, mkati mwa chaja ya foni: mamilimita 0.21.
Pa 1 MHz, pakati pa mbali ya AM: mamilimita 0.065, ngati tsitsi limodzi.
Pa 10 MHz, mbali ya SW: mamilimita 0.021.
Pa 100 MHz, mbali ya FM: mamilimita 0.0066.

Liwiro likawirikiza ka 100, khungu limachepa ka 10. Likawirikiza kanayi, khungu limatsika ndi theka.

Mawaya a m'nyumba ndi aang'ono kuposa mamilimita 9, ndiye magetsi a EDM amadzaza thupi lawo lonse ndipo khalidweli silionekera. Pa wailesi zinthu zimasintha. Waya wa kopa wochindikala milimita imodzi, wotalika mita imodzi, amakana ma ohm 0.022 pa magetsi a batire. Pa 1 MHz waya yemweyo amakana pafupifupi kanayi kuposa pamenepo, ndipo pa 100 MHz pafupifupi ka 40. Multimita wamba amayeza ndi batire lake, choncho amaonetsa nambala yoyambayo basi. Koyilo ingaoneke yabwino pa multimita koma n'kukhala yofooka mu wailesi.

Pali chinanso chotsatira. Munthu akatenga waya wochindikala kawiri, pa magetsi a batire kukana kumatsika kanayi, chifukwa chofunika ndi kukula kwa nkhope ya waya akamudula. Pa magetsi a wailesi kumatsika kawiri kokha, chifukwa chofunika ndi mtunda wozungulira wayayo. Kopa yense wowonjezeka mkatimo amangolemetsa.

Zitsulo ndi mmene zimasiyanirana

Poyerekeza zitsulo, amisiri amapatsa kopa nambala 100. Siliva amaposa pang'ono, ali cha pa 106. Golide ali cha pa 70, aluminiyamu 61, zinki ndi chitsulo chachikasu chimene amati latão zili cha pa 28, ndipo estanho wa mu solda ali cha pa 15. Chitsulo wamba cha misomali ndi waya wa mpanda chili pansi pa 20. Chitsulo chosachita dzimbiri, inox, chili pa 2 kapena 3.

Pa magetsi a wailesi kusiyanaku kumachepa, chifukwa chitsulo chokana kwambiri chimakhalanso ndi khungu lochindikalapo, ndiye magetsi amapeza malo ochulukirapo odutsa. Aluminiyamu, amene pa batire amakana kuposa kopa ndi magawo opitirira 60 pa 100, pa wailesi amangoposa ndi magawo pafupifupi 28 pa 100. Latão amakana pafupifupi kawiri. Siliva amapambana kopa ndi magawo atatu okha pa 100, phindu limene khutu la munthu silingamve pa wailesi ya kumudzi. Golide amamupaka pa timapini ta zolumikizira chifukwa sachita dzimbiri, osati chifukwa amadutsitsa magetsi kuposa kopa.

Chitsulo chogwira maginito chili ndi vuto lapadera. Chimakulitsa mphamvu ya maginito mkati mwake, ndiye khungu lake limapyapyala kwambiri kuposa la kopa pamene chitsulocho n'chokana kale. Pa liwiro la wailesi, waya wa mpanda amakana ka 10 kapena kuposa poyerekeza ndi waya wa kopa wa saizi yomweyo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Maginito a sipika yakufa akamamatira pa waya, ameneyo si wokulungira koyilo.

Aluminiyamu ndi wopepuka, sentimita imodzi mbali zonse imalemera magalamu 2.7 pamene kopa amalemera pafupifupi magalamu 9. Ndi wabwino pa timitengo ta antena. Vuto lake n'lakuti solda wamba sagwira pa iye, ndipo kunja kwake kumachita kakhungu kosaoneka kamene sikadutsitsa magetsi. Polumikiza pamafunika kupala bwino ndi kumanga ndi bawuti.

Maonekedwe a waya

Waya wa chingwe chimodzi wopakidwa vanishi, fio esmaltado, ndiye wodziwika pokulunga koyilo. Amapezeka mu matiransifoma akale, mu mamota a fani ndi a pampu, ndi mu makoyilo a magetsi a njinga zamoto. Wotengedwa pa mota yopsa ayenera kuonedwa bwino. Vanishi akada n'kumakanganuka, mizere yoyandikana imakhudzana ndipo koyilo imafa. Mamota ndi matiransifoma ena a masiku ano anakulungidwa ndi aluminiyamu wopakidwa vanishi wa mtundu wa kopa. Kupala nsonga ndi mpeni kumaulula, chifukwa mkati mumatuluka moyera.

Paipi ya kopa, ngati ya mufiriji yakufa, imagwira ntchito pa wailesi mofanana ndi ndodo ya kopa ya saizi yomweyo. Makoyilo akuluakulu a m'makina oulutsira mawu amapangidwa ndi mapaipi pachifukwa chimenechi, ndipo ena amadutsitsa madzi mkatimo kuti azizizira. Antena yokoka ya pawailesi nayonso ili ndi mphako. Kachitsulo kapyapyala kotambalala ngati lamba kamathandizanso, popeza kali ndi nkhope yaikulu poyerekeza ndi kulemera kwake.

Waya wofewa wa timinga tambiri, ngati wa ayironi kapena wa galimoto, amanyenga anthu. Ena amaganiza kuti timinga tambiri ndi makungu ambiri. Koma timingato timakhudzana, choncho magetsi amationa ngati waya mmodzi ndipo amathawira ku timinga takunja. Ubwino wake ndi kupindika kokha.

Waya wa litz ndi wosiyana. Dzinali linachokera ku mawu a Chijeremani akuti Litzendraht, waya wolukidwa. Kaminga kalikonse kali ndi vanishi wakewake, n'kocheperapo poyerekeza ndi khungu, ndipo timingato tinalukidwa kuti kalikonse kazipezeka kunja pena, mkati pena. Magetsi amagawanika mofanana mu timinga tonse. Waya wotere ndi amene anakulungidwa pa kandodo kakuda ka ferrite mkati mwa mawailesi ambiri a AM, wooneka ngati ulusi. Amathandiza kwambiri pa liwiro lofika cha pa 1 MHz, phindu lake limachepa liwiro likakwera, ndipo pa FM alibe ntchito. Powotcherera, timinga tonse tiyenera kuchotsedwa vanishi ndi kugwira solda. Timene tatsala osagwira sititenga nawo magetsi.

Mizere ikathithikana

Waya akakulungidwa, mzere uliwonse umakhala mu mphamvu ya maginito ya mizere inzake. Magetsi amene anali atathawira kale pakhungu amakankhidwanso, n'kuunjikana mbali imodzi ya khungulo. Amisiri amati efeito de proximidade. Mu koyilo yokulungidwa mothithikana, kukana kungawonjezeke kangapo pamwamba pa kumene khungu labweretsa kale. Kukulunga mizere ina pamwamba pa inzake kumaipitsiratu zinthu.

Alimi amadziwa kuti chimanga chobzalidwa mothithikana chimalimbirana chakudya. Mankhwala ake pa koyilo ndi mpata. Mpata wabwino pakati pa mizere ndi wofanana ndi kuchindikala kwa waya yemweyo. Njira yapafupi ndi kukulunga waya limodzi ndi ulusi wa nayiloni wophera nsomba, kumata mizereyo ndi guluu pang'ono m'malo atatu kapena anayi, kenako kuchotsa ulusiwo.

Ubwino wa koyilo amautchula ndi chilembo Q. Koyilo ya Q yaikulu imasankha siteshoni imodzi n'kusiya zinzake. Ya Q yaing'ono imalowetsa ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Kumalire, kumene masiteshoni a ku Mozambique ndi a ku Malawi amafika onse, kusankhaku n'kofunika.

Chitsanzo cha koyilo ya AM

Wailesi yosavuta kuposa zonse ndi ija yosalira batire, imene pa Chipwitikizi amati rádio de galena. Imafuna koyilo, kondensa yotembenuza yochotsedwa mu wailesi yakale, dayodi ya germânio ngati 1N34A, chomvera cha m'khutu chokana kwambiri, antena yaitali ndi waya wolowa pansi. Mphamvu yonse imachokera ku mafunde, choncho chilichonse chotayika mu koyilo chimamveka.

Pa paipi ya pulasitiki yotambalala mamilimita 50, mizere 80 ya waya wa mamilimita 0.5 yokulungidwa mothithikana imatenga masentimita pafupifupi 4.5 a paipiyo ndi mamita 13 a waya. Koyilo yotere imakhala cha pa ma microhenry 240. Ndi kondensa yofika ma picofarad 365, imayambira cha pa 530 kHz, kumayambiriro kwa mbali ya AM. Multimita amaonetsa ohm imodzi ndi pang'ono. Pa 1 MHz khungu lokha limawirikiza nambalayi kawiri, ndipo kuthithikana kumawonjezera.

Waya wa saizi yomweyo pa paipi ya mamilimita 75, mizere 70 yosiyidwa mpata kuti mzere uliwonse utenge milimita imodzi, amapereka koyilo ya muyeso woyandikana ndi woyambawo. Imadya mamita pafupifupi 17, koma imasankha bwino masiteshoni.

Chokulungirapo chimafunika chouma. Paipi ya pulasitiki kapena botolo lolimba n'zabwino. Nsungwi ndi katoni zimamwa chinyezi nthawi ya dzinja, ndipo chinyezi chimadya mphamvu. Wofuna kuzigwiritsa ntchito aziumitse ndi kuzipaka vanishi kapena phula la kandulo. Koyilo isayandikane ndi malata, misomali kapena bokosi lachitsulo, chifukwa chitsulo choyandikira chimamwa mphamvu yake.

Wailesi ya galena imagwira masiteshoni amphamvu a AM okha, ndipo usiku mafunde a AM amafika kutali kuposa masana. FM siingagwidwe ndi koyilo imeneyi. Wotsekula wailesi ya FM amapeza timakoyilo ta mizere inayi kapena isanu ya waya wochindikala, toima tokha popanda paipi. Timeneti sitifuna kukhudzidwa mwachisawawa. Kufinya kapena kutambasula pang'ono kumasuntha masiteshoni onse.

Antena ya pakhomo

Antena yolandirira siivuta ngati koyilo. Pa AM ndi SW, waya wa mamita 15 mpaka 30 wokwezedwa m'mwamba amathandiza, ndipo wa kopa wochepa ngati wa mamilimita 0.5 ndi wokwanira bola asaduke ndi mphepo. Ngakhale waya wa mpanda amagwira ntchito ikasowa ina, makamaka akakhala watsopano, zinki wake asanathe. Akachita dzimbiri amafooka, chifukwa dzimbiri limadya mbali imene magetsi amadutsa.

Pa FM utali wa antena ndi wofunika kuposa mtundu wa chitsulo. Funde la 100 MHz ndi lotalika mamita atatu. Antena yosavuta ili ndi mikono iwiri yoongoka, uliwonse wa masentimita 70 mpaka 75, umodzi wolumikizidwa ku waya wapakati wa kebulo, wina ku ukonde wakunja. Timapaipi ta aluminiyamu n'tokwanira. Kukweza antena pamwamba, pamalo oyang'ana kumene kuli mlongoti wa siteshoni, kumapindula kuposa kusintha aluminiyamu ndi kopa.

Kebulo ya dishi ya kanema ndi umboni wa zonsezi. Mu makebulo ambiri a mtundu wa RG-6, waya wapakati ndi chitsulo chokutidwa ndi kopa wopyapyala, ndipo maginito amamatirapo. Izi sizikutanthauza kuti kebuloyo ndi yabodza. Mafunde ochokera ku dishi ali pakati pa 950 MHz ndi 2,150 MHz, pamene khungu la kopa ndi mamilimita 0.002 kapena kucheperapo. Magetsi safika pa chitsulo chamkati, chimene ntchito yake ndi kulimbitsa.

Pamene waya wokutidwa ali woopsa

M'misika mumapezeka waya wooneka ngati kopa koma mkati ali aluminiyamu. Dzina lake ndi CCA, ndipo kopa wake nthawi zambiri ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 a thupi lake. Pa antena ya FM amagwira bwino ngati kopa weniweni. Pa sola ndi pa batire zinthu zimatembenuka, chifukwa magetsi oyenda mbali imodzi alibe khungu ndipo amadutsa mu aluminiyamu yense wamkatiyo. Kukana kwake kumaposa kwa kopa ndi theka kapena kupitirira.

Nachi chitsanzo. Sola ili padenga, batire la mavoti 12 lili pa mtunda wa mamita 10, ndiye waya wopita ndi wobwera ndi mamita 20. Pakudutsa ma ampere 5. Waya wa kopa wa 1.5 mm² amataya mavoti pafupifupi 1.2. Wa CCA wa saizi yomweyo amataya cha pa 1.8. Wa kopa wa 4 mm² amataya osakwana theka la voti. Pa mavoti 12 kutaya kotere n'kwakukulu. Batire silidzala, ndipo batire lokhala nthawi yaitali losadzala limafa msanga. Aluminiyamu amathyokanso akapindidwa kawirikawiri ndipo amamasuka pa zomangira. Polumikiza pomasuka pamatentha, ndipo pansi pa denga la udzu kapena pafupi ndi fodya wouma, pamenepo ndi poyambira moto.

Pali njira zitatu zoyesera musanagule. Kupala kaminga ndi mpeni: kopa ndi wofiira mpaka mkati, CCA ndi woyera. Kuika kaminga pa moto wa machesi: kopa amafiira koma amakhalabe wolimba, CCA amafota, kugwa ndi kunyenyeka. Kunyamula mpukutu: wa CCA ndi wopepuka kwambiri poyerekeza ndi wa kopa wa utali womwewo. Pa waya wochokera ku batire pafunikanso fyuzi, yoikidwa pafupi ndi batirelo.

Mawaya akuluakulu a m'chigawo cha Tete

Khalidwe lomweli limaoneka pa mawaya a pamitengo ndi pa nsanja zachitsulo. Ambiri mwa iwo ndi zingwe za aluminiyamu zopotedwa mozungulira chingwe cha chitsulo. Chitsulo chili pakati, pamene magetsi obwererabwerera sakonda kudutsa, ndipo chimanyamula kulemera. Aluminiyamu ali kunja kudutsitsa magetsi. Popeza khungu la aluminiyamu pa 50 Hz ndi mamilimita pafupifupi 12, kuchindikalitsa waya mmodzi mopitirira sikupindula kwenikweni. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene pa mizere ikuluikulu amapachikira mawaya awiri kapena anayi pamodzi.

Damu la Cahora Bassa linamalizidwa mu 1974. Magetsi ake opita ku South Africa amasinthidwa ku Songo kukhala oyenda mbali imodzi, n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 pa mavoti ofika 533,000 mpaka ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg. Zifukwa zosankhira njirayi pa mtunda wautali chonchi n'zingapo, ndipo umodzi mwa ubwino wake ndi wakuti magetsi otere amadzaza thupi lonse la waya. Lamulo limene likulamulira waya wa sola ya ku Furancungo ndi lomwelo limene likugwira ntchito pa mzere wa ku Songo.

Chinyezi ndi dzimbiri

Popeza magetsi a wailesi amayenda pakhungu, chowononga khungu chimawononga ntchito yonse. Kumapiri a Tsangano ndi Ntengo-wa-Mbalame kumagwa nkhungu ndi mame ambiri, kuwonjezera pa mvula ya Novembala mpaka Epulo. Malo oyamba kuwonongeka ndi olumikiza. Kopa ndi aluminiyamu zikakhudzana pamalo onyowa, aluminiyamu amadyeka n'kuchita ufa woyera. Polumikiza zitsulo ziwirizi pamafunika bawuti ndi washa zosachita dzimbiri, girisi pang'ono, ndi chokutira choletsa madzi.

Madzi akalowa mu kebulo ya antena amadetsa ukonde wake, ndipo mawu amayamba kufooka pang'onopang'ono mwini wake n'kumaganiza kuti vuto ndi wailesi. Nsonga ya kebulo iyang'ane pansi ndipo ikulungidwe bwino ndi tepi. Waya asakandidwe ndi pulayala pomukulunga. Kupaka solda pa waya yense poganiza kuti akutetezedwa n'kulakwitsa, chifukwa solda amakana kuposa kopa, ndipo pa FM magetsi amadutsa mu soldayo. Vanishi ndi pulasitiki sizisokoneza, chifukwa magetsi amayenda pakhungu la chitsulo, pansi pa chokutiracho.

Ngozi ndi malamulo

Pali bodza lofala lakuti magetsi a liwiro lalikulu savulaza chifukwa amangodutsa pakhungu la munthu. Thupi la munthu si kopa. Limakana magetsi kwambiri, choncho khungu la magetsi m'thupi ndi lakuya masentimita angapo kapena kuposa. Mitsempha siimva kugwedeza kwake monga imamvera magetsi a m'nyumba, koma mnofu umapsa, nthawi zina mpaka mkati. Makoyilo otulutsa moto wa magetsi, otchedwa ndi dzina la Nikola Tesla, ngakhalenso antena ya makina oulutsira mawu, si zogwira ndi manja.

Antena yaitali ndi njira ya mphezi. Mitambo ya mabingu ikayamba kusonkhana, antena ichotsedwe ku wailesi ndi kulumikizidwa ku ndodo yachitsulo yokhomeredwa pansi kunja kwa nyumba, mvula isanafike. Antena isadutse pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi, ndipo mlongoti uimikidwe patali moti ukagwa usawakhudze. Wotsekula kanema wakale, invetala kapena chaja akumbukire kuti makondensa akuluakulu amasunga magetsi ngakhale chipangizo chitazimitsidwa.

Kumanga wailesi yolandirira sikufuna chilolezo. Kuulutsa mawu kumafuna chilolezo cha INCM ku Mozambique, ndipo ku Malawi cha MACRA. Makina oulutsira opangidwa mosasamala angasokoneze masiteshoni ena, komanso mauthenga a ndege, amene mbali yawo imayambira pamene FM yathera, pa 108 MHz.

Kopa ali ndi mtengo, ndiye amabedwa. Waya wosendedwa kapena wotenthedwa kuti pulasitiki ichoke, wogulitsidwa ndi munthu amene sakunena kumene wamutenga, angakhale wodulidwa pa tiransifoma kapena pa pampu ya madzi ya mudzi wina. Wogula amagwa nawo mumlandu. Ntchito ya wailesi siifuna kopa wochuluka chotero. Tiransifoma imodzi yaing'ono ya mu wailesi yakufa ili ndi waya wa vanishi wokwanira kuyambira, ndipo mkono wa antena ya FM ndi kapaipi ka aluminiyamu kosakwana mita imodzi.